Makina akanama za dzimbiri: kuthetsa mavuto poyeza mapaipi achitsulo ndi maginito

Madandaulo a anthu oyeza mapaipi ndi mphamvu ya maginito sasintha kwenikweni. Lero makina asonyeza kuti chitsulo chapyapyala, amisiri avula zokutira zonse zosunga kutentha kwa paipi, n'kupeza paipi ili bwinobwino. Tsiku lina makina omwewo anena kuti zonse zili m'chimake, pakangopita miyezi yochepa paipi iyamba kuchucha pamalo omwe anayezedwa. Woyamba kuimbidwa mlandu amakhala makinawo, chikhalirecho nthawi zambiri alibe chifukwa.

Gwero la chisokonezochi ndi loti makinawa saona dzimbiri. Chomwe amamva ndi kusintha kwa mphamvu ya maginito m'chitsulo ndi m'mbali mwake. Dzimbiri likadya chitsulo mphamvuyo imasinthadi, koma imasinthanso probe (kachipangizo koyezera komwe mumaika pa paipi) ikatalikirana ndi paipi, chitsulo china chikayandikira, paipi ikatentha, kapena chida chikathamanga mopitirira. Ntchito yanu ndi kulekanitsa zimenezi.

Njira zomwe tikukamba pano ndi zitatu:

- MFL. Maginito amphamvu amadzaza chitsulo mpaka kukhuta. Pomwe chitsulo chachepa, mphamvu ina imatayikira kunja ndipo masensa amaigwira. Ndiyo imakhala pa zida zambiri zoyenda m'kati mwa mapaipi aatali a mafuta ndi gasi, zotchedwa pig.
- PEC. Probe imatumiza mphamvu kenako n'kuidula mwadzidzidzi. Timagetsi tozungulira timene timabadwa m'chitsulo timazirala msanga ngati chili chopyapyala, mochedwa ngati chili chokhuthala. Imayeza zokutira zili pomwepo. Malamulo ake ali m'chikalata cha miyezo cha ISO 20669.
- RFT. Ndi ya machubu ang'onoang'ono a m'maboyila ndi m'makina osinthanitsa kutentha. Koyilo yotumiza ndi yolandira zimatalikirana kawiri kapena katatu kukula kwa chubu. Kayezedwe kake kali mu ASTM E2096.

## Musanayambe kusakasaka

Bwererani pa chidutswa cha paipi chomwe munachunira makina, chija chili ndi mabowo odziwika kuya kwake. Makina akawerenga bwino pamenepo, vuto lili pa paipi kapena pa kayezedwe kanu. Akalakwitsa pomwepo, musapitirize: onani batire, kebulo ndi molumikizira, ndipo zonse zomwe mwayeza kuyambira pamene makina anawerenga bwino komaliza muziyezenso. N'zowawa, koma palibe njira yachidule.

## Vuto 1: makina akusonyeza kudyeka pomwe palibe

1. Mpata wa pakati pa probe ndi chitsulo wasintha. Ili ndilo lofala kuposa onse. Zokutira zimaphwatalala pamwamba pomwe anthu amaponda, zimalendewera pansi zikanyowa, ndipo malata akunja amapindika. Pa MFL, utoto wokhuthala kapena nyansi zomatirira zimakweza masensa.
- Onani ngati chizindikirocho chikugwirizana ndi pomwe malata abonyoka.
- Makina ena a PEC amasonyeza mpatawu pambali pa kukhuthala. Ziwirizi zikasinthira limodzi, kayikirani mpata.

2. Malo oyerekezera ali pa chitsulo china. PEC sipereka mamilimita payokha. Imayerekeza paliponse ndi malo amodzi omwe mwauza makina kuti ndi 100 peresenti. Zidutswa ziwiri za paipi zooneka zofanana zikhoza kuchokera m'ng'anjo zosiyana, ndipo maginito amalowa mosiyana m'zitsulozo.
- Kuzindikira kwake n'kosavuta. Ngati kutsika kukuyambira ndendende powotcherera, n'kukhala chimodzimodzi mpaka powotcherera potsatira, ndi chitsulo chimene chasintha. Dzimbiri silitsata malire a wowotcherera.
- Chidutswa chilichonse, ngakhale chigongono, chikhale ndi malo akeake oyerekezera.

3. Polumikizana malata, zomangira ndi mawaya. Malata a galvanized amakoka maginito, ndiye pomwe awiri asanjikizana amasokoneza kwambiri kuposa a aluminiyamu kapena a stainless. Waya wa sefa wa m'kati mwa zokutira nawonso amachita chimodzimodzi. Lembani malo amenewa pa chithunzi cha paipi musanayambe, ndipo sunthani probe pang'ono kuti muone ngati chizindikiro chikutsatira cholumikiziracho.

4. Paipi inabadwa choncho. Mapaipi opanda msoko a ASTM A106 amaloledwa kupyapyala mpaka 12.5 peresenti kuchokera pa muyezo wolembedwa, akadali atsopano. Pa MFL amatulutsa timizere tobwerezabwereza ngati mafunde, kutalika kwa chidutswa chonse. Msana wa chigongono chopindidwa nawonso umakhala wopyapyala chichokereni kufakitale. Kupyapyala kotereku n'kwenikweni, koma si dzimbiri, ndipo sikuwonjezeka mukayezanso chaka china.

5. Kutentha kosiyana. Chitsulo chikatentha chimasintha kayendetsedwe ka magetsi ndi maginito. Mukachuna makina paipi ili yozizira n'kuyeza ntchito itayamba, manambala onse asuntha. Chunaninso pa kutentha komweko.

## Vuto 2: manambala akusinthasintha pamalo amodzimodzi

Apa musachedwe, zambiri n'za m'manja ndi m'mawaya.

1. Probe sinakhazikike. Ikapendekeka pang'ono chabe manambala asintha. Lembani chizindikiro pamalata, igwireni moloza mbali imodzi nthawi zonse, ndipo muyeze katatu.
2. Kunjenjemera. Pampu kapena kompuresa ikugwedeza paipi, kapena malata a galvanized akunjenjemera okha probe ikatumiza mphamvu. Kanikizani probe molimba, kapena ikani chopondera chomwe opanga makina anakonzera malata otere.
3. Magetsi apafupi. Mainjini amagetsi, makina owotcherera ndi mawaya otenthetsera paipi amalowetsa zisokonezo za 50 kapena 60 Hz. Onani ngati makina anu achunidwa pa nambala yoyenera ya magetsi a pamalopo. Pemphani eni ake azimitse mawaya otenthetsera kwa kanthawi, ngati n'kotheka.
4. Kebulo yaduka m'kati. Ipindeni pang'onopang'ono pafupi ndi molumikizira mukuyang'ana sikirini. Mzere ukadumpha, isintheni. Kumata tepi sikuthandiza.
5. Liwiro la dzanja. Masensa a koyilo amamva kufulumira kwa kusintha, ndiye mukakankha mothamanga chizindikiro chimakula, mukazengereza chimachepa. Masensa a Hall, omwe amayeza mphamvu ya maginito yeniyeniyo, savutika nazo kwambiri.

## Vuto 3: chizindikiro n'chofooka kapena palibiretu

1. Probe yachepa mphamvu pa ntchitoyo. Zokutira zokhuthala zimafuna probe yaikulu. Opanga makina amapereka tebulo losankhira malinga ndi kukhuthala kwa chitsulo, kwa zokutira ndi mtundu wa malata. Anthu ambiri amangotenga probe yomwe ili kale pa kebulo. Pa RFT, probe yowonda kwambiri poyerekeza ndi chubu imagwedera m'katimo ndipo imataya tizindikiro ting'onoting'ono.

2. Nyansi. M'mapaipi a mafuta mumakhala phula, m'mapaipi a gasi mumakhala fumbi lakuda la chitsulo. Fumbili limakokedwa ndi maginito, n'kuunjikana pa mabulashi a pig olowetsa maginito m'chitsulo ndi pansi pa masensa. Pig ikatuluka itakutidwa nalo, zotsatira za ulendowo zikayikireni. Mankhwala ake ndi kuyendetsa ma pig otsuka mobwerezabwereza mpaka zotuluka zichepe, kenako n'kuyendetsanso yoyezera.

3. Chitsulo sichinakhute maginito. MFL imadalira kukhutako. Paipi ikakhuthala kuposa momwe chidacho chinapangidwira, monga podutsa pansi pa msewu kapena mtsinje pomwe amaika yokhuthala dala, mphamvu yonse imakwana m'chitsulo ndipo palibe yotayikira kunja. Mabulashi otha ndi maginito omwe anatenthedwapo kwambiri amabweretsa vuto lomweli. Lipoti la pig liyenera kusonyeza mlingo wa maginito mtunda wonse. Liwerengeni.

4. Frequency, yomwe ndi liwiro lomwe magetsi amasinthira mbali, yakwera kwambiri. Magetsi osinthasintha salowa patali m'chitsulo chokoka maginito. Mukachulukitsa frequency kanayi, kuya komwe amafika kumatsika ndi theka. N'chifukwa chake RFT imayenda pa frequency yotsika, ndipo n'chifukwa chakenso probe wamba ya machubu a mkuwa singakuuzeni kanthu za kuseri kwa chitsulo cha kaboni.

5. Sensa yafa. Mzere umodzi wowongoka pakati pa anzake ogwedera, ngakhale podutsa powotcherera. Mbali imeneyo ya paipi sinayezedwe, ndipo lipoti linene choncho.

## Vuto 4: makina ati zili bwino, koma UT (kuyeza kukhuthala ndi mafunde a ultrasonic) yapeza dzenje lakuya

Ili ndilo loopsa. Chenjezo labodza limangowononga ndalama ndi nthawi. Chilimbikitso chabodza chimachititsa kuti paipi ichotsedwe pa mndandanda wa zoyenera kuyang'aniridwa, mwina kwa zaka.

1. Dzenje ndi laling'ono kuposa malo omwe probe imaphimba. PEC imapereka avereji ya kukhuthala pa dera lonse lomwe mphamvu yake yafika, ndipo deralo limakula zokutira zikamakhuthala. Zili ngati kufufuza kabowo pathabwa mutayalapo matiresi. Tiyerekeze paipi ya mamilimita 10, pali dzenje lakuya mamilimita 8, koma likungotenga gawo limodzi mwa magawo 20 a deralo. Avereji ingatsike ndi mamilimita 0.4 okha. Sikirini isonyeza pafupifupi 96 peresenti pomwe pansi pa dzenjelo patsala mamilimita 2.

Ili si vuto lokonzeka ndi batani. Mapulogalamu ena amayesa kuwongolera nambalayi, ndipo amathandiza pa madzenje okulirapo, koma kabowo kakang'ono kakuya sangakaone. Choncho:
- Nambala ya PEC itengeni ngati chala cholozera, osati ngati kukhuthala kotsala.
- Pomwe patsika kuposa pozungulira, ngakhale pang'ono, vulani zokutira muyeze ndi UT, kapena mujambule ndi X-ray cha m'mbali.
- Ngati madzi kapena mankhwala a m'paipiyo amadziwika kuti amaboola timaenje, PEC payokha si njira yoyenera.

2. Malo oyerekezera anali odyeka kale. Paipi ikapyapyala mofanana ponseponse, inu n'kusankha 100 peresenti pa chitsulo chomwe chatsala ndi 80, zonse zioneka zokongola. Malo oyerekezera atsimikizidwe ndi UT. Kuboola kazenera kamodzi m'zokutira kumawoneka ngati kutaya nthawi, komatu popanda iko manambala onse alibe poimira. Mukatha, katsekeni bwino kuti madzi asaloweremo.

3. Simunayeze pomwe dzimbiri limakonda. Dzimbiri la pansi pa zokutira limavuta pa chitsulo cha kaboni chogwira ntchito pakati pa madigiri -12 ndi 175 Celsius, malinga ndi API 571, makamaka pa mapaipi otentha n'kuzizira mosinthana. Limayambira pomwe madzi amalowa kapena kukhazikika: pansi pa paipi yogona, pa zochirikiza, m'mbali mwa flange (mkombero womangira mapaipi awiri ndi mabawuti) ndi mavavu, pothera zokutira, m'munsi mwa paipi yoima. Tsoka lake n'loti malo omwewa ndiwo ovuta kuyeza. Chitsulo chochuluka cha flange kapena chochirikiza chimachititsa PEC kuwerenga mokweza, n'kubisa kudyeka. RFT nayo imasokonezeka pansi pa mbale zogwiriziza machubu, pomwe chubu chimakhuzika n'kutha. Lipoti loona lilembe malo amenewa kuti sanayezedwe mokwanira. Kuwapaka mtundu wobiriwira limodzi ndi ena onse n'kunamiza mwini paipi.

Onaninso kutalikirana kwa malo oyeza. Mukatalikitsa kuti mumalize msanga, pamakhala mipata yomwe probe sinaphimbe.

4. Kudyekako kwagona motsata maginito. Pig wamba ya MFL imayendetsa mphamvu motsata utali wa paipi. Dzenje lotambalala mozungulira limadula mphamvuyo ndipo limaoneka bwino. Ngalande yaitali yowonda yotsata msoko imangolambalalidwa. Pa zoterezi pamafunika chida choyendetsa mphamvu mozungulira paipi. MFL imafookanso pa kupyapyala koyamba pang'onopang'ono kopanda m'mphepete, monga komwe kumabwera mchenga ukamakhula chigongono. Ming'alu yothina ndi nkhani ina, imafuna zida za ultrasonic kapena EMAT, yomwe imapanga mafunde otere m'chitsulo pogwiritsa ntchito maginito.

5. Pig inathamanga. M'paipi ya gasi, pig imatha kuima pa chigongono kapena pomwe chitsulo chakhuthala, gasi n'kuunjikana kumbuyo, kenako n'kuifwamphula mwaliwiro. Pa liwiro lalikulu maginito sakhala ndi nthawi yolowa chitsulo chonse, ndipo mbali yakunja ndiyo imayamba kusowa. Yerekezani kaundula wa liwiro ndi malire omwe eni chida analemba. Dera lililonse lopyola malirewo likhale ndi chizindikiro chake mu lipoti.

6. Mwawerenga nambala ngati yosaphonya. Pa dzimbiri lotambalala, eni zida za MFL kawirikawiri amalonjeza kusaphonya ndi zoposa 10 peresenti ya kukhuthala kwa paipi, pa miyezo 80 mwa 100 iliyonse. Tanthauzo lake n'loti dzenje lolembedwa kuti lakuya 65 peresenti likhoza kukhala 75, ndipo limodzi mwa asanu likhoza kuphonya kuposa apo. API 1163 imafuna kuti zotsatira za pig zitsimikizidwe. Mukakumba malo angapo n'kupeza kuti chida chikuchepetsa kuya nthawi zonse, bwezani manambala a UT kwa eni chida kuti awerengenso zonse.

## Vuto 5: mwakumba pomwe lipoti lanena, simunapeze kanthu

1. Dzimbiri lili m'kati. Kunja utoto uli wosalala, anthu n'kuganiza kuti asochera. Musakwirire musanayeze ndi UT mozungulira paipi yonse.
2. Mwayamba kuwerenga pa msoko wolakwika. Zidutswa zambiri zimakhala pafupifupi mamita 12, ndiye zimafanana. Yezani kutalika kwa chidutswa chomwe mwafukula, muone pomwe msoko wake wautali uli, muyerekeze ndi kaundula wa pig.
3. Mawilo owerengera mtunda anaterera pa phula kapena pa liwiro lalikulu. Kuphonyako kumakula mukamatalikira chizindikiro chodziwika, choncho yezani kuchokera pa vavu, nthambi kapena chizindikiro cha pamtunda chomwe chili pafupi kwambiri.
4. Mwatembenuza wotchi. Malo ozungulira paipi amalembedwa ngati maola, ndipo 3 koloko imakhala 9 koloko mukayang'ana kuchokera mbali inayo. Onani kuti lipoti likuyang'ana kuti. Nthawi zambiri ndi komwe zinthu zikuyenderera.

## Vuto 6: owotcherera akuti moto ukuthawira pambali

MFL ikadutsa imasiya maginito m'chitsulo, ndipo paipi ikadulidwa mphamvuyo imasonkhana kumapeto, n'kumakankha moto wowotcherera. Yezani ndi gaussmeter, chida choyezera mphamvu ya maginito, pa mpata wa msoko. Pofuna poyerekezera, API 5L imafuna kuti kumapeto kwa paipi yatsopano avereji isapyole magauss 30. Ikakhala yochepa, kusuntha chopanira cha waya wobwerera kapena kuwotcherera ndi AC kumathandiza. Ikakhala yambiri pamafunika koyilo yochotsera maginito ndi munthu woidziwa. Msoko wowotcheredwa moto ukuthawathawa uyenera kuyezedwa bwino usanavomerezedwe.

## Pomwe muyenera kuima n'kuitana katswiri

Siyani ntchito, chokani pamalopo, dziwitsani oyendetsa paipi ngati:
- mwaona kuchucha, mwamva fungo kapena kulira kwa gasi, kapena zokutira zanyowa ndi zomwe zili m'paipi. Gasi wapoizoni wa H2S, wonunkha ngati mazira owola, akachuluka amapha mphuno, ndiye fungo likasiya musaganize kuti watha;
- pali chikhungwa chokhuthala cha dzimbiri pa paipi yomwe ili ndi mphamvu yokankha (pressure) m'kati. Musachikokote, musachigogode. Nthawi zina ndicho chokha chatseka bowo;
- pig yakanirira. Musawonjezere mphamvu mwa nokha, ndipo musatsegule chitseko cha potulukira musanatsimikize kuti mulibe mphamvu yotsala;
- fumbi lakuda lotuluka ndi pig layamba kutentha kapena kufuka. Lina mwa ilo limayaka lokha likauma pa mpweya, choncho lizisungidwa lonyowa.

Musayambe n'komwe ngati makina anu sanavomerezedwe kulowa m'dera la gasi woyaka ndipo mulibe chilolezo, ngati zokutira n'zakale ndipo palibe wotsimikiza kuti mulibe asbestos, kapena ngati wina pagulu lanu ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda. Maginito a MFL amasokoneza kachipangizoka, ndipo amaphwanya zala zikapanikizika pakati pa iwo ndi chitsulo.

Itanani injiniya, osati mnzanu woyeza, ngati:
- kuya kwa dzenje kwafika kapena kuyandikira 80 peresenti ya kukhuthala kwa paipi. Mu ASME B31G amenewo ndiwo malire, ndipo poganizira kuphonya kwa chida, 70 ndi pafupi kale;
- kudyeka kuli pa msoko, m'chibonyo, kapena pali chokayikitsa cha mng'alu;
- madzenje angapo ayandikana moti akhoza kugwira ngati limodzi.

Kunena kuti paipi ipitirize ntchito, itsitsidwe mphamvu kapena ikonzedwe ndi udindo wa injiniya, pogwiritsa ntchito ASME B31G kapena API 579-1, pamodzi ndi woyang'anira mapaipi wa API 570 ngati ndi m'fakitale. Pa kuyeza kwenikweniko, ISO 9712 imagawa maudindo: wa Level 1 amayeza ndi kulemba moyang'aniridwa, wa Level 2 amamasulira zotsatira, wa Level 3 ndiye amakonza ndi kuvomereza ndondomeko. Njira ziwiri zikapereka mayankho otsutsana, kapena mukafuna kuyeza chinthu chomwe ndondomeko yanu sinatchule, nkhaniyo ndi ya Level 3.

Poitana katswiriyo, m'patseni mafayilo osasinthidwa a m'makina, osati zithunzi za sikirini zokha. Onjezani pomwe panali malo oyerekezera ndi nambala ya UT ya pamenepo, mtundu wa probe, kukhuthala kwa zokutira ndi mtundu wa malata, kutentha kwa paipi pa nthawiyo, ndi nthawi yomwe makina anatsimikizidwa komaliza pa chidutswa chochunira.